Kuunikidwa m'mimba ndi endoscopy: zimayenda bwanji?

Ngati adokotala akutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka kukaunikidwa m'mimba, musade nkhawa.

Choyamba, musadye kanthu kwa maola 6 mpaka 8. Nsima yamadzulo ikhale yomaliza. Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), auzeni adokotala pasadakhale.

Mukafika, amakupoperani mankhwala ochititsa dzanzi kukhosi, ena amabayidwanso jakisoni wowodzeretsa. Mumagonera kumanzere mutaluma kapulasitiki, kenako amalowetsa kapaipi kofewa ka kamera kudzera pakamwa mpaka m'mimba. Kamachititsa mseru ndithu, koma mumapuma bwinobwino. Pakatha mphindi 10 kapena 15, basi. Nthawi zina amatsinako kamnofu kokayeza kachilombo ka H. pylori, kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba; sizipweteka.

Pitani ndi wachibale, ndipo akakubayani musayendetse galimoto tsiku limenelo. Mukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, bwererani kuchipatala msangamsanga.