Momwe mungapulumutsire mabuku ndi zikalata zakale zikachita chuku

Ku Angónia ndi ku Tsangano, kuyambira Novembala mpaka Malichi makoma sauma, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi imayamba kununkha chinyezi. Mkatimo ndi momwe timasunga sedula (chikalata cha kubadwa), chikalata cha malo cha DUAT ndi Baibulo la agogo lachikuto chachikopa. Kumaparishi nako kuli makaundula akale a ubatizo amene akuvutika chimodzimodzi.

Chikopa ndi chimene chimavuta kwambiri. Kale ku Ulaya ankalemba pa zikopa za nkhosa, mbuzi ndi ana a ng'ombe. Ankaziviika m'madzi a laimu, kuzipala ubweya, n'kuzikunga kuti ziume. Koma chikopa ndi nyama basi, chikangonyowa chimasanduka ndiwo za chuku ndi mabakiteriya. Ku Vatican kuli mpukutu wachikopa wa mamita 5 wolembedwa mu 1244, umene unadzaza mawanga ofiirira. Mu 2017 ofufuza a ku Italy anapeza kuti anayambitsa ndi tizilombo tokonda mchere, tobwera ndi mchere umene ankasungira zikopa, kenako tizilombo tina tinadzapitiriza kudya. Zolembedwa pa chikopa chenicheni n'zosowa kuno ku Tete, koma chikuto, guluu wa kumsana kwa buku ndi pepala lomwe zimadyedwa mofanana mpweya ukakhala ndi chinyezi chopitirira 65 peresenti.

Choyamba, tulutsani chogwidwa ndi chukucho pakati pa zinzake. Chuku chimafala ndi fumbi lake, choncho buku limodzi likhoza kupatsira shelefu yonse. Valani masiki ndi magolovesi, ndipo gwirirani ntchito pakhonde. Amene ali ndi mphumu asayandikire.

Musanachite china chilichonse, jambulani tsamba lililonse lotseguka ndi foni. Lomatirirana lisiyeni, musalikoke.

Kenako umitsani, ndipo apa ndi pamene ambiri amawonongera. Mtima umakuuzani kuti muyanike padzuwa pamodzi ndi mphale, kapena muyike pafupi ndi mbaula. Musatero. Chikopa chonyowa chikatentha chimakwinyika, kuuma gwa, ndipo sichibwereranso. Dzuwa la ku Moatize lingachipinde lisanafike pamutu. Yalani nsalu yoyera pa tebulo pamthunzi podutsa mphepo. Buku liyimikeni chilili, masamba atatambasuka pang'ono. Ngati lanyowa kwambiri, ligonekeni, muyike mapepala oyera pakati pa masamba angapo alionse, n'kumawasintha akanyowa. Nyuzipepala ayi, inki yake imasiya madontho. Zingatenge masiku angapo, musafulumire.

Chuku chamoyo chimaoneka ngati ubweya wonyowa ndipo chimapakika mukachikhudza. Chikauma chimasanduka ufa. Pamenepo ndiye tengani burashi yofewa yopentera, yatsopano, muzisesa pang'onopang'ono kuchokera pakati pa tsamba kupita kunja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Pamene inki yayamba kusupuka, burashi isafikepo. Mawanga ena adzatsala. Alekeni, chifukwa banga louma silidyanso pepala. Jiki, sopo, sipiriti, mafuta opaka nsapato ndi nsalu yonyowa zimachotsa banga pamodzi ndi dzina la agogo. Selotepi nayo pakapita zaka imasiya chikasu chosachoka.

Posunga, iwalani za jumbo. Pulasitiki imatsekera chinyezi mkati, ndipo ndi yomwe yawoletsa zikalata zambiri zimene eni ake ankati akuziteteza. Kulungani chilichonse pachokha ndi pepala loyera kapena nsalu yathonje, muyike m'katoni youma, pamwamba pa shelefu, kutali ndi khoma lakunja ndi pansi, kumene chiswe chimayambira. Timapaketi ta silika toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato timathandiza m'bokosi lotseka bwino, ngakhale timakhuta msanga. Sutikesi yakaleyo ipukuteni, iyanikeni padzuwa ili yopanda kanthu.

M'miyezi ya mvula muzitsegula katoniyo kawiri pa mwezi n'kununkhiza, poti fungo limayamba mawanga asanaoneke. Ngati ndi kaundula wa parishi kapena wa amfumu amene masamba amatirirana kukhala chibuma chimodzi, ameneyo ndi wa akatswiri. Musungeni pouma, ndipo akuluakulu a mpingo kapena a boma afunse malangizo ku Arquivo Histórico de Moçambique, kosungira zikalata zakale za dziko, ku Maputo.