Momwe mungayezere ngati gulu la anthu odzipereka pa intaneti lili ndi tsogolo

Chiwerengero cha anthu amene analembetsa mayina m'gulu sichinena zambiri, chifukwa ambiri amalembetsa kenako n'kusowa. Choncho yambani ndi kugwirizana kuti munthu wokangalika ndi wotani. Wikipedia, nkhokwe ya chidziwitso ya pa intaneti yolembedwa ndi anthu odzipereka, imawerenga mkonzi kukhala wokangalika akakonza nkhani kasanu kapena kupitirira apo pa mwezi. Gulu lanu lisankhe muyezo wake, koma lisamausinthesinthe, apo ayi ziwerengero za chaka chino simungaziyerekeze ndi za chaka chatha.

Kenako tsatani obwera kumene. Lembani onse amene ayamba kuthandiza mwezi uno, ndipo pakatha miyezi itatu, komanso isanu ndi umodzi, onani kuti atsala angati. Apa ndi pamene matenda a gulu amayambira kuonekera. Akonzi a Wikipedia ya Chingerezi anachuluka kwambiri mu 2007 kenako anayamba kuchepa, ndipo ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti zolemba za atsopano zinkafufutidwa mwachangu, nthawi zambiri mothandizidwa ndi mapulogalamu, popanda mawu owalimbikitsa. Yezaninso nthawi imene imadutsa munthu watsopano asanayankhidwe, koma mayankhowo muwawerenge nokha, pakuti nambala siingakuuzeni ngati mawuwo anali aulemu kapena achipongwe.

Gawo lofunika kuposa onse ndi kudziwa amene akusenza katundu. Sanjani anthu malinga ndi ntchito imene achita, ndipo muwerenge kuti ndi angati amene achita theka la ntchito yonse. Bungwe la CHAOSS, lokonza miyezo yoonera mmene magulu opanga mapulogalamu a pakompyuta akuyendera, limene linakhazikitsidwa mu 2017 pansi pa Linux Foundation (bungwe lothandiza magulu otere), limagwiritsa ntchito muyezo wofanana ndi umenewu. Amene achita theka la ntchitoyo akakhala munthu mmodzi kapena awiri, gululo lili pangozi ngakhale lioneke lotanganidwa. Zimene zinachitikira pulogalamu ya XZ Utils, yochepetsa kukula kwa mafayilo a pakompyuta, mu 2024 zikuonetsa zimenezi: woisamalira anali yekha ndipo anali wotopa, mpaka munthu wina amene anadzionetsa ngati wothandiza anapatsidwa udindo n'kubisamo khomo lachinsinsi lolowera m'makompyuta a ena.

Pomaliza, afunseni mwachinsinsi amene anachoka kuti anachokeranji, chifukwa otsala nthawi zambiri amaopa kudandaula poyera. Bwerezani kuyeza konseku miyezi itatu iliyonse, ndipo mukaona kuti ntchito yaunjikira anthu ochepa, yambani pomwepo kuphunzitsa ena n'kuwagawira maudindo.