Dzuwa la m'chipululu silifuna kupirira: malangizo kwa Amalawi ogwira ntchito ku Gulf ndi ku Israel

Mwezi wa Juni kwathu ndi wa majuzi. Ku Dedza ndi ku Mzuzu anthu amawotha moto m'mamawa, ku Thyolo chiperoni chitakuta minda ya tiyi. Mwezi womwewo ku Doha m'dziko la Qatar ndi ku Muscat m'dziko la Oman kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo ku Kuwait madigiri 45 ndi za tsiku ndi tsiku. Munthu amakwera ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka atavala jekete, mawa lake n'kutsikira m'ng'anjo, mkuja n'kuyamba ntchito. Mutu umadziwa kuti wasintha dziko, koma thupi limakhala likadali kumudzi. Ndikulembera inu a pa zomangamanga, alonda, operekera katundu pa njinga zamoto, amayi ogwira ntchito za m'nyumba ku Oman ndi ku Kuwait, komanso achinyamata amene munayamba kupita ku minda ya ku Israel mu Novembala 2023, poti ina mwa mindayo ili m'chipululu cha Negev ndi m'chigwa cha Arava.

M'kati mwa thupi la munthu mumafunika kukhala madigiri 37 kapena pafupi pomwepo. Kukafunda, mtima umathamangitsira magazi ku khungu kuti kutenthako kutulukire kunja. Njira imeneyi imagwira ntchito ngati mpweya wakunja uli wozizira kuposa khungu. Kunja kukangodutsa madigiri 35, mphepo imene ikukuwombani imakhala ikukuthirani moto, ndipo thupi limatsala ndi chida chimodzi chokha, thukuta. Thukutalo limaziziritsa pamene likuuma pakhungu, monga mtsuko wadothi umaziziritsira madzi chifukwa chonyowa kunja. Lomwe likungoyenderera n'kugwera pansi langotayika. Munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa amataya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena lita ndi theka, ndiye pofika madzulo malita 8 kapena 10 amakhala atachoka m'thupi. Madzi onsewo amachokera m'magazi anu. Akachepa, mtima umagunda mothamanga kuti ukwanitse kudyetsa minofu ndi kuziziritsa khungu nthawi imodzi, ndipo ikafika poti sungakwanitse zonse ziwiri, kutentha kwa m'kati kumayamba kukwera.

Ndamvapo abale athu akunena kuti, “Ine ndine wa ku Nsanje, dzuwa silindiopsa.” N'zoona kuti ku Chigwa cha Shire mu Okutobala kumadutsa madigiri 40. Koma wa ku Nsanje amalawirira kumunda mbandakucha, dzuwa likafika pamutu ali kale pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe kapitawo womuwerengera maola. Kumene muliko ndi kwina. Ku Mitribah m'dziko la Kuwait, mu Julayi 2016, kunafika madigiri 53.9. Pa Hajj, ulendo wachipembedzo wa Asilamu, ya mu Juni 2024, ku Mecca kunadutsa madigiri 51, ndipo boma la Saudi Arabia linalengeza kuti anthu oposa 1,300 anamwalira, ambiri atayenda mtunda wautali padzuwa popanda pobisala.

Thupi limazolowera ndithu, koma limafuna masiku 7 mpaka 14. M'masiku amenewa magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga ndiponso lambiri, ndipo mchere wotayika m'thukutamo umachepa. Akatswiri a chitetezo cha pantchito ku America amalangiza kuti munthu watsopano tsiku loyamba agwire padzuwa gawo limodzi lokha la magawo 5 a nthawi ya ntchito, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, chifukwa ambiri amene amafa ndi kutentha pantchito amafa m'masiku oyambirira. Apa m'pamene mtima wanga umawawa, chifukwa ifeyo sabata yoyamba ndi imene timalimbikira kwambiri. Timafuna abwana aone kuti Mmalawi ndi wolimbikira, ngongole ya tikiti ikutidikira, kumudzi akuyembekezera ndalama yoyamba. Ngati simungapemphe maola ochepa, chepetsani liwiro, pumani pafupipafupi pamthunzi, ndipo muuzeni mnzanu wakale pamalopo kuti azikuyang'anirani. Dziwaninso kuti kuzolowera kumatha. Mukapita ku tchuthi kwathu mwezi wathunthu, makamaka nyengo yachisanu, mumabwerera ngati mlendo ndipo muyenera kuyambiranso pang'onopang'ono.

Chimene thupi silizolowera ndi kusowa madzi. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, katswiri wina dzina lake Edward Adolph anafufuza asilikali a ku America m'chipululu cha ku California. Anapeza kuti palibe munthu amene angaphunzitsidwe kukhala ndi madzi ochepa, komanso kuti munthu wotuluka thukuta samwa okwanira kubwezeretsa otayikawo ngakhale madzi ali pambali pake. Ludzu limachedwa. Choncho musadikire kukhosi kuume. Imwani kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse pamene muli padzuwa, zomwe zimakwana pafupifupi lita imodzi pa ola. Musapitirire lita ndi theka pa ola, chifukwa madzi ochuluka kwambiri opanda chakudya amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezi nazonso zimakomola munthu. Yambani tsiku mutamwa kale, ndipo mukaweruka pitirizani kumwa. Chokuuzani zoona ndi mkodzo. Ukakhala woyererako, muli bwino. Ukafiira ngati tiyi wopanda mkaka, kapena tsiku lonse mwangotaya madzi kamodzi, thupi lauma. Ukada ngati Coca-Cola mutagwira ntchito yolemetsa, minofu ikupweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zingatanthauze kuti minofu ikuwonongeka ndipo impso zili pangozi.

Mizere yoyera imene imatsala pa malaya anu akauma ndi mchere wanu. Kwa ambiri chakudya cha masiku onse chimaubwezeretsa, n'chifukwa chake si bwino kulumpha nkhomaliro ngakhale kutentha kutakuchotserani njala. Tsiku limene thukuta lachuluka, kapena minofu ya m'miyendo ikukokana, imwani madzi a mchere ndi shuga, Thanzi yemwe uja timapatsa ana akatsegula m'mimba. M'mafamase a kumeneko amamutcha ORS. Mukamusowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'zitini zija sizilowa m'malo mwa madzi, ndipo mowa wa usiku umakudzutsani thupi litauma kale. Amene mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, funsani dokotala nyengo yotentha isanafike, chifukwa ena mwa mankhwala a BP amachotsa madzi m'thupi.

Chipululu chilinso pawiri. Ku Riyadh ndi ku Arava mpweya ndi wouma, thukuta limauma musanalione, ndipo munthu amanyengeka kuti sakutaya madzi. Ku Dubai, ku Doha ndi ku Muscat, m'mphepete mwa nyanja, chinyezi cha mu Ogasiti chimachititsa kuti thukuta lisaume, moti malaya amakhala chonyowa koma thupi osazizira. Kumeneko madigiri 38 akhoza kuopsa kuposa 45 a kouma. M'ma greenhouse a ku Israel, nyumba zolimamo mbewu zija, zinthu ziwirizi zimakumana, kutentha ndi chinyezi, popanda kamphepo. Usiku nawo uli ndi ntchito yake, chifukwa ndi pamene thupi limataya kutentha kwa tsikulo. Ku Quriyat m'dziko la Oman, mu Juni 2018, kunapita maola 24 kutentha kusanatsike pansi pa madigiri 42.6. AC, makina oziziritsa m'chipinda, ikawonongeka kumene mumagona, musaitenge ngati nkhani yaing'ono. Kaneneni tsiku lomwelo, nonse pamodzi. Valani zovala zopepuka, zotaya, zowala, zofika kumanja, ndi chophimba kumutu ndi m'khosi. Eni dziko savula malaya padzuwa, ndipo amadziwa chifukwa chake.

Mayiko a ku Gulf ali ndi malamulo oletsa ntchito ya padzuwa masana, ndipo safunsa anadya phula. Ku United Arab Emirates ndi kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Seputembala, 12:30 mpaka 3 koloko masana. Ku Saudi Arabia masiku ndi omwewo, 12 koloko mpaka 3 koloko. Ku Qatar, chiyambire 2021, ndi pa 1 Juni mpaka pa 15 Seputembala, 10 koloko m'mawa mpaka 3:30. Ku Oman ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti, 12:30 mpaka 3:30, pomwe ku Kuwait miyezi yomweyo ndi 11 koloko mpaka 4 koloko. Kupuma kumeneku si chifundo cha kapitawo, ndipo kampani yophwanya lamuloli ikhoza kulipitsidwa chindapusa. Komabe dzuwa siliwerenga kalendala. Mu Meyi ndi kumapeto kwa Seputembala kumatenthabe, ndipo 4 koloko simenti ndi zitsulo zimakhala zikadali moto.

Amayi ndi achemwali a ntchito za m'nyumba, malamulo a masanawa sakufikirani kwenikweni, chonsecho khitchini yopanda AC, kuchapa ndi kuyanika padenga, kusesa pabwalo ndi kutsuka galimoto masana zimaumitsa thupi mofanana. Ena mumadzimana madzi dala poopa kupita kuchimbudzi pafupipafupi pamaso pa mabwana. Chonde musatero. Sungani botolo lanu pamene mukugwirira ntchito, ndipo pemphani mwaulemu kuti ntchito za panja muzigwira m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Thupi limachenjeza lisanagonje. Mutu umawawa, chizungulire, nseru, kufooka, mtima kuthamanga, thukuta lili kamukamu. Apa siyani ntchito, pitani pamthunzi kapena m'chipinda chozizira, masulani zovala, gonani mutakweza miyendo, dzithireni madzi, ndipo imwani pang'onopang'ono. Pakatha theka la ola osasintha, kapena mukusanza, ndi za kuchipatala. Ifeyo mutu ukawawa ndi thupi kutentha timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kumeza Panado n'kubwerera pantchito. Panado sachotsa kutentha kobwera ndi dzuwa. Koma ngati mwangochoka kumene kwathu ndipo thupi likutenthabe mutapuma pozizira, muuzeni dokotala kuti mwachokera ku dziko la malungo ndipo akuyezeni magazi, chifukwa madokotala a kumeneko sakumana nawo kawirikawiri.

Choopsa kwambiri wodwalayo sachiona yekha. M'kati mwa thupi mukadutsa madigiri 40, ubongo umasokonezeka. Mnzanu wofatsa amayamba kulalata, kuyankha zosagwirizana ndi funso, kuyenda mwadzandidzandi ngati waledzera, kenako kugwa kapena kuphupha ngati wa khunyu. Akhoza kukhala akutulukabe thukuta, musanyengeke nazo. Mukamufunsa adzati ali bwino. Musamumvere, ndipo musamusiye yekha kuti akagone. Wina aimbe ambulansi, ena ayambe kumuziziritsa pomwepo, osadikira galimoto. Muchotseni padzuwa, muvuleni zovala zolemera, ndipo ngati pali thanki kapena bafa la madzi ozizira muvikeni mpaka m'khosi wina atagwira mutu. Ngati palibe, muthireni madzi thupi lonse mosalekeza uku mukumukupiza ndi katoni, ndipo ikani ayezi m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Wosokonezeka kapena wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe, mugonekeni cham'mbali. Mphindi 30 zoyambirira ndi zimene zimapulumutsa ubongo, chiwindi ndi impso zake. Sungani lero lomwe nambala ya ambulansi m'foni: 998 ku United Arab Emirates, 999 ku Qatar, 9999 ku Oman, 112 ku Kuwait, 997 ku Saudi Arabia, 101 ku Israel. Musaope kuti abwana akwiya.

Madalaivala, galimoto ikakuferani pakati pa chipululu musaisiye n'kuyamba kuyenda masana. Ofufuza amaona galimoto msanga kuposa munthu. Khalani pamthunzi wake, osati m'kati motseka, tumizani pamene muli pa WhatsApp foni isanazime, ndipo madzi amene muli nawo muzimwa, osaumira. Nyengo ya Disembala ndi Januwale usiku wa ku Negev ndi m'kati mwa Saudi Arabia umazizira zedi, ndiye jekete lija musalitaye.

Pali vuto lina losachita phokoso. Thupi likamauma tsiku ndi tsiku kwa zaka, impso zimavulala pang'onopang'ono. Madokotala a ku Nepal akhala akudandaula za anyamata obwerera kuchokera ku Gulf impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo matenda ofanana nawo apha odula nzimbe ambiri ku Nicaragua ndi ku El Salvador. Mankhwala opha ululu monga Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene ambiri timameza msana ukawawa, amapweteka impso kwambiri akamwedwa thupi lili louma. Matenda a impso samveka kuwawa mpaka atafika patali. Kamodzi pachaka, makamaka nyengo yotentha ikangotha, pemphani kuchipatala kuti akuyezeni BP, mkodzo ndi magazi a impso, kuyeza kumene amakutcha creatinine, ndipo pepala la zotsatira mulisunge pamodzi ndi pasipoti. Chitaninso chimodzimodzi kontirakiti isanathe, mukadali ndi khadi la chipatala la kumeneko, chifukwa kwathu makina otsuka magazi a odwala impso ali m'zipatala zowerengeka, monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queens ku Blantyre, ndipo odikira pamzere ndi ambiri kale.