Mmene mungafufuzire ngati pulogalamu ya pa wailesi yasinthadi anthu

Ophunzira a chaka chomaliza amene ndimawayang'anira pa kafukufuku wawo amakonda kubwera ndi funso limodzi lomwelo: kodi pulogalamu yakutiyakuti ya pa wailesi yasintha anthu pa nkhani ya kulera, ya maukwati a ana, kapena ya katemera? Funsolo ndilibe nalo vuto. Chimene ndimakana ndi njira yoliyankhira. Wophunzira amalemba mafunso papepala, n'kupita kumudzi, n'kukafunsa amayi kuti, "Kodi pulogalamuyi yakusinthani?" Amayiwo akaona mlendo wotchena atagwira pepala ndi cholembera amayankha kuti eya, yatisintha kwambiri. Akulemekezani, koma mwabwerako osadziwa kanthu.

Yambani ndi kulidula funso lanu. Zimene munthu akudziwa, zimene amakhulupirira mumtima mwake, zimene akuganiza kuti anzake a m'mudzi amavomereza, ndi zimene amachita, ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo wailesi ikhoza kusuntha chimodzi n'kusiya zinazo. Elizabeth Levy Paluck adaziona izi ku Rwanda, mu kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2009. Kwa chaka chathunthu, magulu ena a m'midzi ankamvera sewero loyanjanitsa anthu lotchedwa Musekeweya, pamene magulu ena ankamvera sewero la zaumoyo. Chaka chitatha, zikhulupiriro za omvera Musekeweya pa zimene zimayambitsa chiwawa sizidasinthe kwenikweni. Chidasintha ndi mmene ankaonera zovomerezeka pakati pa anthu, monga kukwatirana ndi a mtundu wina komanso kutsutsa poyera mfundo imene sukugwirizana nayo. Akadangofunsa za zikhulupiriro zokha, akadalemba kuti sewerolo lidalephera.

Ndimakonda kwambiri mmene mayiyu adayezera khalidwe. Kafukufuku atatha, gulu lililonse adalipatsa wailesi ya kaseti ndi makaseti ake, n'kuliuza kuti likambirane lokha mmene lizigwiritsira ntchito, omuthandiza pa kafukufukuyo akungomvetsera ndi kulemba. M'magulu a sewero la zaumoyo, kawirikawiri wina ankati wailesiyo ikasungidwe kwa mkulu wa boma wa m'deralo, enawo n'kungovomera. M'magulu a Musekeweya anthu ankatsutsana kaye asanagwirizane. Palibe adafunsidwa kuti "kodi mumatha kutsutsa?" Adangowaona akutsutsa. Inunso funani chinthu chotere, chimene maso angaone kapena chimene chidalembedwa kale m'buku lina lake: chiwerengero cha amayi amene abwera ku sikelo, atsikana amene abwerera m'kalasi, alimi amene alembetsa mbewu.

Tsopano pamtima pa ntchito yonse: mufunika anthu ena ofanizira nawo. Musafanizire omvera ndi osamvera amene mwangowapeza, chifukwa munthu amene ali ndi wailesi ndi ndalama ya mabatire nthawi zambiri ndi yemwenso adapitako kusukulu, amakhala kufupi ndi msewu, ndipo ankapita kale kuchipatala. Mukapeza kuti omvera ndiwo akulera, simungadziwe ngati ndi wailesi yawachititsa kapena ndi olera kale amene amakonda pulogalamu ya kulera.

Njira yabwino ndi maere, ndipo wophunzira wa ndalama zochepa angaikwanitse. Pezani magulu amene amakumana kale, monga a banki m'khonde, makalabu a achinyamata kapena magulu omvera wailesi. Lembani maina a maguluwo patimapepala, ikani m'chipewa, wina atole anthu akuona. Theka lizimvera pulogalamu yanu kuchokera pa memory card ndi kasipika, theka linalo lizimvera pulogalamu ina yotalika chimodzimodzi koma ya nkhani yosiyana. Gulu lachiwirili musalisiye lopanda chomvera, chifukwa kungosonkhana sabata ndi sabata komanso kuchezeredwa ndi mlendo kumasinthanso anthu. Dziwaninso kuti chimene mukuwerenga ndi magulu, osati mitu ya anthu. Magulu awiri a anthu 100 lililonse ndi ofooka kuposa magulu 20 a anthu 10, popeza anthu a gulu limodzi amatengerana maganizo. Funsani mafunso anu kawiri, musanayambe kuimba pulogalamu ndi mutamaliza.

Ngati pulogalamu ikuulutsidwa kale ndipo simungachite maere, funani malo amene mawu ake safikako. Ku Tanzania, sewero la Twende na Wakati litayamba mu 1993, dera la Dodoma silidalimve kwa zaka ziwiri zoyamba, ndipo Everett Rogers ndi anzake adafanizira deralo ndi madera ena pa nkhani ya kulera. Kufooka kwake n'kwakuti dera lofanizira lidali limodzi lokha, lokhala ndi zakezake. David Yanagizawa-Drott adapita patsogolo mu 2014. Poona kuti mapiri a ku Rwanda ankatchinga mawu a RTLM, wailesi imene inkalimbikitsa anthu kupha Atutsi, m'midzi ina n'kuwalola m'midzi yoyandikana nayo, adafanizira midziyo, n'kupeza kuti pafupifupi 10 pa 100 aliwonse amene adachita nawo chiwembu chopha Atutsi cha 1994, anthu pafupifupi 51,000, adatero chifukwa cha wailesiyo. Kuno kwathu mawailesi a m'madera, monga Dzimwe ku Mangochi kapena Mudzi Wathu ku Mchinji, ali ndi malire a kumene amamveka. Tengani wailesi m'manja, yendani m'malirewo, lembani mudzi uliwonse ngati ikumveka kapena ayi. Kenako onetsetsani kuti midzi ya mbali ziwirizo ikufanana pa mtunda wa kuchipatala, kusukulu ndi kumsika.

Pofuna kudziwa ngati munthu amamveradi, musamufunse kuti "mumamvera?" Mufunseni zimene zidachitika m'pulogalamu ya sabata yatha, kapena dzina la amene amaulutsa. Ine ndimauza ophunzira kuti pamndandanda wa mapulogalamu aikepo dzina limodzi lopeka. Amene avomere kuti amamveranso lopekalo akuonetsani kukula kwa mayankho aulemu aja.

Chenjeraninso ndi zimene anthu amauzana. Paul Lazarsfeld ndi anzake, atatsatira ovota ku Erie County m'chigawo cha Ohio pa chisankho cha 1940, adapeza kuti ambiri sankatenga maganizo mwachindunji pa wailesi kapena m'nyuzipepala, koma kwa anthu ena odalirika amene ankamvera ndi kuwerenga. Kwa inu zikutanthauza kuti midzi iwiri yotunga madzi pamjigo umodzi singakhale ina yomvera, ina yosamvera. Nkhani idzadutsa pamjigopo.

Za chilolezo ndingonena mwachidule. Musafunse munthu aliyense komiti yoona za kafukufuku pasukulu panu isanavomereze, dutsirani ku ofesi ya bwanamkubwa ndi kwa amfumu, ndipo mabuku a kuchipatala musawagwire popanda kalata ya akuluakulu a zaumoyo m'bomalo. Maina a odwala musakopere.

Zotsatira zikabwera, lembani zimene mwapeza ngakhale zikhale zosakoma kwa bungwe limene lidapanga pulogalamuyo. Ku Burkina Faso, kuyambira 2012 mpaka 2015, bungwe la Development Media International lidaulutsa mauthenga a umoyo wa ana m'madera 7 osankhidwa mwa maere mwa madera 14. Mabuku a m'zipatala adaonetsa kuti makolo ambiri adayamba kupititsa ana odwala malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kuchipatala, koma pa imfa za ana ofufuzawo sadapeze kusiyana kooneka pakati pa mbali ziwirizo, ndipo adasindikiza zonse ziwiri. Inunso mukapanda kupeza kusiyana, musalembe kuti pulogalamu siigwira ntchito. Lembani kuti pa magulu angati, kwa miyezi ingati, poyeza chinthu chiti, simudaone kusiyana, ndipo ikani manambala a mbali zonse ziwiri patebulo limodzi, a musanayambe ndi a mutamaliza.