Ambulera ya mtengo wa m'mbali: musanagule yang'anani pansi kaye

Anzanga amene muli ndi malo odyera, ma lodge kunyanja kapena kakhonde chabe kunyumba, ndaona ambiri mwayamba kukonda ma ambulera akuluakulu aja amene mtengo wake umaima pambali kenako dzanja lake nkupita pamwamba pa tebulo, m'mashopu amalemba kuti cantilever. Ubwino wake ndi woti pakati palibe chitsulo chosokoneza, mukhoza kuika tebulo, mipando, ngakhale mphasa ana nkumasewera pansi pake. Koma vuto lake lili pomwepo. Kulemera konse kwa nsalu ndi nthiti kumalendewera mbali imodzi, ndiye ikangobwera mphepo chinthucho chimasanduka thanga la bwato, chimafuna kuuluka basi.

Ndiye ine munthu akandifunsa kuti ndigule ya mtundu wanji, ndimayamba ndamufunsa kuti pansi muikapo chani. Zambiri zimabwera ndi kamtanda kachitsulo koimikapo mtengowo kokha, zolemetsa mumagula padera, ndipo ogulitsa ena sakuuzani zimenezi mumakazindikira mutafika kunyumba mwatsegula katoni. Kamtanda kaja pakokha sikangagwire kanthu. Ya mamita 3 imafuna zolemetsa zofika kapena kupitirira makilo 100, onani pa pepala lobwera nayo chifukwa opanga amalemba. Njira yotchipa ndi masilabu a konkire anayi, silabu ya 50cm kwa 50cm yokhuthala 5cm imalemera pafupifupi makilo 30, anayi ndi 120 amenewo, mmisiri aliyense oumba mabuloko akhoza kukupangirani bola mwayeza kaye mipata ya kamtandako. Zilipo zolemetsa zina zapulasitiki zothiramo madzi kapena mchenga. Thiranimo mchenga. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi pomwe mchenga wouma lita yomweyo imafika kilo ndi theka, komanso pulasitiki ikaphikidwa ndi dzuwa imang'aluka madzi nkumadontha pang'onopang'ono inu osadziwa, tsiku lina mungomva phii, ambulera ili pa galimoto ya mlendo. Ngati malowo ndi anu ndipo simudzasuntha, kuli bwino kungomangirira ndi mabawuti pa konkire, nkhani yatha.

Tsopano mtengo ndi nthiti. Pali za aluminiyamu ndi za chitsulo chopaka penti. Chitsulo nchotchipa komanso owotcherera apa msika akhoza kuchikonza chikathyoka, koma chikangokandika dzimbiri limalowa, makamaka mmunsi momwe madzi amakhala. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira lija ndipo ndi wopepuka, kungoti akathyoka owotcherera ake ndi osowa. Werengani nthiti, zisanu ndi zitatu zimakoka nsalu bwino kuposa zisanu ndi imodzi. Pamwamba penipeni pakhale kachipewa kotseguka kotulutsira mphepo. Ndipo musachite manyazi m'shopu, pukusani handulo yotsegulira ambulerayo mutsegule mutseke kawiri katatu, mumve ngati ikukakamira. Mkati mwa mtengo muli chingwe chomwe chimakoka nthiti zonse, ndipo ma ambulera ambiri otchipa chimayamba kufa ndi chingwe chomwechi. Funsani ngati chikhoza kusinthidwa. Amene mukuitanitsa ku Joni kudzera kwa achibale, auzeni afunse zimenezi komweko pamodzi ndi chovala chake chovindikira, chifukwa kuno kupeza sipeya ndi ntchito.

Nsalu nayo. Zambiri ndi poliyesita, pa katoni amalemba kulemera kwake monga 180g kapena 220g, nambala ikakula nsalu ndiye yokhuthala. Poliyesita imasuluka ndithu, ndi dzuwa lathu la Okutobala lija yofiira kapena yabuluu imayamba kuoneka ngati chitenje chakale msanga. Ya acrylic yomwe utoto unalowetsedwa mu ulusi weniweniwo, ngati ya Sunbrella, imakhalitsa kwambiri koma mtengo wake ndi wina. Ngati ndalama ndi yochepa tengani poliyesita ya mtundu wa khaki kapena wotuwirako, ikasuluka siionekera ndipo fumbi la Ogasiti silichititsa manyazi. Yoyera mbee ndi yokongola pa chithunzi chokha. Mukaona palembedwa UPF 50+ ndiye kuti nsaluyo imatchinga bwino cheza cha dzuwa chomwe chimawotcha khungu.

Poika pake ganizirani dzuwa lamasana ndi lamadzulo, osati lam'mawa. Kuno kwathu mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, mu Disembala limakhala pamutu chopendekera kum'mwera pang'ono, ndiye mthunzi umasuntha ndi nyengo. Nchifukwa chake ndimakonda zomwe zimazungulira ndi kupendekeka, mumangoponda kachitsulo pansi nkutembenuza, m'malo mokoka tebulo. Siyani mpata pakati pa nsonga za nthiti ndi khoma kapena malata, ikamagwedezeka isamakhule. Musaike pansi pa mtengo wa mango, utomoni ndi zitosi za mbalame zidzakutopetsani. Mbaula ndi choocherapo nyama zikhale kutali, nsalu izi kathetheka kamodzi kokha kabowo kali tayale.

Koma chachikulu kuposa zonse ndi chizolowezi chotseka. Ambulera iyi siisiyidwa yotsegula popanda munthu, ngakhale mukungopita kukagula ma unit a magetsi. Akunyanja mukudziwa mmene mwera umayambira miyezi yozizira, kumacha bata bwinobwino kenako mafunde awo. Kumtunda kuno tili ndi kamvuluvulu wa Seputembala ndi Okutobala amene sachenjeza, kenako mphepo yotsogolera mvula zoyamba imene imasasula ngakhale madenga a sukulu, nanga ambulera ndi ndani. Mukaona nsalu yayamba kukupiza ndipo dzanja likugwedera, tsekani, mangani lamba wake. Ku malo a bizinesi mupatseni munthu mmodzi udindo umenewu, osati aliyense, chifukwa ntchito ya aliyense mapeto ake palibe oigwira. Potseka bwezerani kaye ambulera ikhale yowongoka ngati munaipendeketsa, chotsani mipando yomwe ingakole nthiti, kokerani nsalu kunja isapanikizike pakati pa zitsulo. Handulo ikalimba musakakamize ndi mphamvu, penapake pakola, mukakakamiza ndi pomwe chingwe chija chimaduka.

Kuchapa sikovuta. Sasani fumbi ndi burashi yofewa ili youma, kenako madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale, tsukuluzani ndi madzi ambiri, isiyeni yotsegula iume. Jik pa poliyesita yamtundu ayi, ndipo sopo waufa wamphamvu amachotsa mankhwala aja omwe amapangitsa madzi kutsetsereka pansalu. Musaitseke ili yonyowa nkuivindikira, imachita chuku, madontho akuda aja amene akalowa satuluka. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje samalani kwambiri nthawi ya chiperoni chifukwa kamvula kowaza kaja kamanyowetsa nsalu masiku angapo popanda dzuwa, likangotuluka itseguleni ipume.

Kamodzi pamwezi zungulirani ndi sipanala kumanga mabawuti, amamasuka okha ndi kugwedezeka. M'malo oyenda ikani sipuleyi ya silikoni ngati mwaipeza, girisi amakoka fumbi komanso amadetsa nsalu. Pokandika pakani penti msanga. Kabowo kakang'ono pitani nako kwa telala wosoka matenti kasanakule, nsalu imachoka pa nthiti mosavuta, timatumba ta kumapeto tolowamo nsonga za nthiti mumangovula.

Nyengo ya mvula ngati simuigwiritsa ntchito masabata ambiri, ivuleni muisunge m'nyumba pouma, pamwamba osati pansi pomwe pali makoswe. Ndipo ikakhalitsa yotseka panja, musanatsegule igogodeni kaye ndi ndodo mutaima chapatali, mavu amakonda kumanga m'mapindo mwake, nthawi zina mumapezanso mileme itagona momwemo.