Momwe Mungatengere Digiri Yoyamba ndi ya Masitazi Pamodzi mu Uinjiniya wa Zamagetsi ndi Makompyuta

Mayunivesite ambiri a ku America ndi ku Britain amalola wophunzira uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta kuti alumikize digiri yoyamba ndi ya masitazi, n'kumaliza m'nthawi yochepa kusiyana ndi amene amazitenga payokhapayokha. Ku America digiri yoyamba imatenga zaka 4 ndipo ya masitazi imatenga chaka ndi theka kapena zaka 2, koma olowa m'dongosolo lophatikizali kawirikawiri amamaliza zonse m'zaka 5. Chofunika kuchidziwa musanachite china chilichonse n'chakuti ku America mwayiwu umaperekedwa kwa okhawo amene akuphunzira kale pa yunivesite yomweyo. Munthu sangabwere ndi digiri yochokera kwina n'kupempha kuti alowe pakati.

Yunivesite iliyonse ili ndi dzina lake la dongosololi, ndipo muyenera kufufuza ndi dzina lenilenilo. Ku MIT (Massachusetts Institute of Technology) amalitchula MEng, ku Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh amati IMB, ku Stanford amati coterm, pomwe ku Georgia Tech mumzinda wa Atlanta amangoti BS/MS.

Nthawi imafupika m'njira ziwiri. Digiri ya masitazi ku America nthawi zambiri imafuna ma credit (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro amene munthu watenga) pafupifupi 30, ndipo mayunivesite ena amalola kuti maphunziro ochepa, mwina awiri kapena atatu, awerengedwe kawiri, ndiko kuti pa digiri yoyamba komanso pa ya masitazi. Ena salola zimenezi, koma amavomera kuti wophunzira amene wakwaniritsa msanga zofunika pa digiri yoyamba ayambe maphunziro a masitazi adakali m'chaka chachinayi. Funsani kuti pa yunivesite yanu akutsata njira iti, chifukwa ndondomeko yonse ya masemesita anu idzatsamira pa yankho limenelo.

Ntchito yeniyeni imayamba m'chaka choyamba ndi chachiwiri, pamene ambiri sanayambe n'komwe kuganiza za masitazi. Olowa m'dongosololi amasankhidwa potengera GPA, yomwe ndi avareji ya malikisi a maphunziro onse, ndipo malire ake m'mayunivesite ambiri amakhala pakati pa 3.0 ndi 3.5 pa 4.0. Maphunziro amene amagwetsa GPA ya ophunzira ambiri ndi omwewo amene ali maziko a ntchito yonse: masamu a calculus, linear algebra ndi differential equations, kenako circuits, signals and systems, electromagnetics ndi digital logic. Wopunthwa pa circuits m'chaka chachiwiri amavutika kuti akweze malikisi ake nthawi yofunsira malo isanakwane. Choncho musadzisenzetse katundu wochuluka m'masemesita oyambawa pofuna kuthamanga. Kupambana bwino maphunziro anayi n'kwaphindu kuposa kungodutsa mwamwayi asanu ndi limodzi.

Pofika kumapeto kwa chaka chachiwiri, khalani pansi ndi mlangizi wa zamaphunziro wa dipatimenti yanu, mulembe phunziro lililonse limene mudzatenge semesita ndi semesita kufikira tsiku lomaliza. Izi n'zofunika kwambiri mu uinjiniya chifukwa maphunziro ake ndi olumikizana ngati unyolo. Simungalowe m'kalasi la masitazi la digital signal processing musanapambane signals and systems ndi probability, ndipo simungaphunzire kupanga ma chip a VLSI (okhala ndi ma transistor ochuluka kwambiri) musanadziwe bwino ma transistor. Komanso makalasi ena apamwamba amaphunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka, moti mukaphonya limodzi, chaka chimene mumafuna kupulumutsa chija chimapita.

Nthawi yofunsira malo kawirikawiri ndi m'chaka chachitatu kapena kumayambiriro kwa chachinayi. Mayunivesite ambiri safuna mayeso a GRE (olowera maphunziro a masitazi) kwa ophunzira awo, ndipo ena amangofuna fomu yachidule. Kumene amafuna makalata okuchitirani umboni, pemphani mapulofesa amene anakuonani mukugwira ntchito mu labu, osati amene amangodziwa dzina lanu pa mndandanda wa kalasi.

Muyeneranso kusankha ngati masitazi yanu idzakhala ya makalasi okhaokha kapena ya kafukufuku wolemba thesis, lomwe ndi lipoti lalitali la zimene mwafufuza. Ku MIT digiri ya MEng imafuna thesis, ndipo pulogalamu yawo ya 6-A, imene inayamba mu 1917, imalola wophunzira kuchitira kafukufukuyo ku kampani. Ine ndimaona kuti amene akulingalira za PhD, digiri yapamwamba kuposa ya masitazi, asankhe kafukufuku, ndipo apeze pulofesa womuyang'anira adakali m'chaka chachitatu, poti thesis yabwino simaphikidwa m'miyezi 9. Amene akufuna kupita kukagwira ntchito angathe kutenga makalasi okha, bola akhale a nthambi imodzi, kaya ya power systems, kaya ya embedded systems, kaya ya mauthenga opanda waya, osati kutola uku ndi uku.

Nkhani imene imagwetsa anthu ulesi m'chaka chachisanu ndi ya ndalama. Thandizo la fizi limene yunivesite imapereka kwa ophunzira a digiri yoyamba nthawi zambiri limatha pa masemesita 8, kapena tsiku limene dzina lanu lasamutsidwira m'kaundula wa ophunzira a masitazi. Pitani ku ofesi yoona za thandizo la ndalama musanasayine chilichonse, mukafunse kuti kusinthaku kudzachitika semesita iti, ndipo yankho lake akupatseni lolembedwa. Njira yodziwika yolipirira chaka chachisanu ndiyo kukhala TA, amene amathandiza pulofesa kuphunzitsa ndi kuchonga, kapena RA, amene amathandiza pa kafukufuku. M'mayunivesite ambiri ntchito zimenezi zimabwera ndi kamalipiro ka pamwezi komanso kuchotseredwa fizi, koma malo ake ndi ochepa ndipo ophunzira a PhD ndiwo amayamba kuganiziridwa.

Wophunzira wochokera kunja amene ali ku America pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 ali ndi china choti asinkhesinkhe. Posamuka kuchoka pa digiri yoyamba kupita pa masitazi, ayenera kulandira fomu yatsopano ya I-20 (imene yunivesite imapereka potsimikizira maphunziro ake) yakale isanathe mphamvu. Komanso chilolezo cha OPT, chogwirira ntchito miyezi 12 munthu akamaliza maphunziro, chimaperekedwa pa mlingo uliwonse wa digiri, ndipo a uinjiniya angathe kupempha miyezi 24 yowonjezera. Wolowa masitazi mosapumira amataya miyezi 12 ya digiri yoyamba ija, chifukwa siisungidwa kuti adzaigwiritse ntchito m'tsogolo.

Ku Britain zinthu zimayenda mosiyana. Kumeneko MEng ndi digiri imodzi ya zaka 4 ku England ndi zaka 5 ku Scotland, imene mumafunsira kudzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite, musanayambe n'komwe chaka choyamba, ndipo pomaliza kawirikawiri mumalandira satifiketi imodzi, osati ziwiri. Amene malikisi awo sanafike pa mlingo wofunika, kawirikawiri pakutha pa chaka chachiwiri, amasamutsidwira ku digiri yoyamba yokha ya BEng, yomwe ndi yofupikirapo ndi chaka chimodzi. Onetsetsani kuti MEng imene mwasankha ndi yovomerezedwa ndi bungwe la mainjiniya la IET (Institution of Engineering and Technology), chifukwa yotero imakwaniritsa maphunziro onse ofunika kuti munthu adzalembetsedwe ngati Chartered Engineer, kutanthauza injiniya wovomerezeka kuti ndi katswiri pa ntchito yake.

Amene anatenga digiri ya uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre asasokonezeke ndi kufanana kwa zaka: zaka 5 za kumeneko zimapereka digiri yoyamba. Njira yawo ndi kufunsira masitazi yapayokha, ndipo Carnegie Mellon ili ndi nthambi ku Kigali, Rwanda, imene inakhazikitsidwa mu 2011 ndipo imaphunzitsa masitazi ya uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta.