Kumanga mapedulo ndi crank pa mountain bike: mphamvu yoyenera ndi zida zake

Ma mountain bike ambiri amene akuyenda ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi crank (mkono umene pedulo imamangidwapo) ya aluminiyamu, pomwe shafiti ya pedulo ndi yachitsulo. Aluminiyamu ndi yofewa. Mukamanga mosakwanira, chitsulo chimadya bowo la crank pang'onopang'ono. Mukapyola muyeso, mazinga amatha. Pokwera zitunda za ku Chongoni kapena potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, munthu amaimirira pa mapedulo ndi thupi lonse, ndipo pedulo ikathothoka pamenepo ndi ngozi yoopsa.

Mphamvu yomangira imayezedwa mu Nm (ma newton-mita). Ngati nambala yalembedwa pafupi ndi bawuti, tsatirani imeneyo.

Tiyambe ndi mapedulo. Onani chilembo pa shafiti: R ndi ya kumanja, mbali ya tcheni, L ndi ya kumanzere. Ya kumanja imamangidwa ngati bawuti wamba, koma ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuza. Chosavuta kukumbukira nchakuti sipanala ikaloza kumwamba, mbali zonse ziwiri mumamanga poikankhira kutsogolo kwa njinga, ndipo mumamasula poikokera kumbuyo. Pukutani fumbi, pakani girizi pang'ono pa mazinga, kenako lowetsani pedulo ndi zala zokha mpaka itazungulira katatu kapena kanayi. Ikalimba isanalowe, imani. Mwina yalowa mopendama kapena mwasinthanitsa mbali, ndipo mukaikakamiza ndi sipanala crank yatha basi. Mapedulo a kampani ya Shimano amafuna 35 mpaka 55 Nm. Gwiritsani ntchito sipanala yopyapyala ya 15 mm, kapena Allen key ya 6 kapena 8 mm kuseri kwa crank, malinga ndi mtundu wa pedulo. Girizi musaiwale: madzi ndi matope a nyengo ya dzinja amamatiza chitsulo ku aluminiyamu moti chaka chamawa pedulo sidzamasuka.

Crank ya pa njinga zambiri za kaunjika imakhala pa shafiti ya ngodya zinayi, ndipo imagwidwa ndi bawuti imodzi pakati, ya Allen key 8 mm kapena soketi 14 mm. Apa pamafunika 35 mpaka 50 Nm, ndipo apa mpamene njinga zambiri zimaonongekera. Bawuti ikamasuka pang'ono chabe, crank imayamba kulira ndi kugwedera. Munthu akapitiriza kupalasa, mwina kuti akafike kaye pa Lizulu, ngodya za bowo zimafafanizika. Zikatero, kaya mumange bwanji, imamasukanso. Tizidutswa ta chitini timene ena amalowetsa m'bowomo timangochedwetsa vuto. Kawirikawiri imayamba ndi ya kumanzere. Mukaika crank yatsopano, onaninso bawuti mukayenda maulendo angapo oyamba, koma musamangoiwonjezera mphamvu tsiku ndi tsiku, chifukwa crank imakwererabe pa shafiti mpaka kung'ambika. Poichotsa pezani crank puller, chida chozulira crank, osati hamala.

Crank ya Shimano Hollowtech II ndi nkhani ina. Kachivindikiro kapulasitiki ka kumanzere ntchito yake nkuchotsa kugwedera kokha, ndipo kamafuna 0.7 mpaka 1.5 Nm, kutanthauza mphamvu ya zala. Mukakamanga kwambiri, maberingi amapanikizika nkutha msanga. Zimene zimagwira crank ndi timabawuti tiwiri ta m'mbali, ta Allen key 5 mm: 12 mpaka 14 Nm. Timangeni mosinthanasinthana, aka pang'ono, ako pang'ono, chifukwa kumanga kamodzi kumamasula kanzake. Kapulasitiki kachitetezo kamene kali pampata wa pakati pake kakankhireni mkati musanamalize. Pa crank ya mtundu wa SRAM DUB bawuti ndi imodzi, ya 8 mm, ndipo imafuna 54 Nm.

Torque wrench ndi sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndipo imodzi sikwanira ntchito zonsezi. Yaikulu ya amakaniko a galimoto imathandiza pa mapedulo ndi bawuti yapakati ngati muli ndi soketi ya Allen key, koma pa 12 Nm pamafunika yaing'ono. Kokani modekha mutagwira pachogwirira, ndipo ikalira kuti "kha" lekani pomwepo. Musaigwiritse ntchito pomasula mabawuti, ndipo posunga ibwezereni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i isafooke.

Ngati mulibe, werengerani. Mphamvu ya makilogalamu 20, yofanana ndi kulemera kwa ndowa ya madzi ya malita 20, pa chogwirira chotalika masentimita 20 imapereka pafupifupi 40 Nm. Pa sipanala ya masentimita 30, makilogalamu 13 kapena 14 akwana. Nchifukwa chake ka Allen key kakafupi kam'thumba sikangamange crank mokwanira, pomwe paipi yaitali yoveka pa sipanala imapyola muyeso dzanja lisanamve kulemera. Paipiyo isungireni kumasula pedulo yomwe yagwira dzimbiri, mutathira kaye mafuta pa mazinga nkudikira usiku umodzi.